Kugula nyumba ya lendi m'chigawo cha Tete: mapepala, masamu ndi ngongole

Ku Mozambique nthaka sigulitsidwa. Malamulo aakulu a dziko amatero, ndipo lamulo la malo, Lei 19/97 la pa 1 Okutobala 1997, limabwereza zomwezo: nthaka yonse ndi ya Boma, munthu sangaigulitse kapena kuiika chikole. Koma pitani ku Matundo, ku Moatize kapena ku Ulónguè, mukapeza anthu akuwerengerana ndalama pansi pa mtengo, wina n'kubwerera kwawo akunena kuti wagula puloti. Misozi yambiri ya pa nkhani za nyumba imayambira pamenepa. Ndiye musanatulutse ngakhale metikali imodzi, gwiritsitsani mfundo iyi: lipirani chokhacho chimene chingalembedwe m'dzina lanu m'kaundula wa Boma, ndipo mtengo wake uchokere pa lendi imene nyumbayo ingabweretsedi.

Dziwani chimene mukugula

Chimene munthu amakhala nacho pa malo ndi DUAT, ufulu wogwiritsa ntchito malowo ndi kupindula nawo. Ufuluwu umabwera m'njira zitatu: kukhala pamalo motsata mwambo wa makolo, kukhalapo mwachilungamo kwa zaka zosachepera 10 ngati ndinu nzika, kapena kupempha ku Boma n'kupatsidwa. Njira ziwiri zoyambazo sizidalira pepala. Banja likhoza kukhala lopanda chikalata chilichonse koma ufulu wake uli wamphamvu ndithu, ndipo pamlandu umboni wa anthu a m'mudzi, amuna ndi akazi omwe, umamveka. Choncho malo ooneka ngati tchire ku Tsangano kapena ku Macanga asakupusitseni kuti alibe mwini.

Zimene lamulo limalola kugulitsa ndi zomwe zamangidwa kapena kukonzedwa pamalopo, monga nyumba, mpanda ndi chitsime. M'mapepala amazitcha benfeitorias. Ikakhala nyumba ya m'tauni imene ili m'kaundula ngati prédio urbano, DUAT imatsata nyumbayo yokha: mwagula nyumba, ufulu wa malo wabwera nayo. Akakhala malo a kumudzi, amene phindu lake lili m'nthaka osati m'nyumba, pamafunika chilolezo cha ofesi ya Boma imene inapereka DUAT. Popanda chilolezocho, mwalipira koma ufulu watsala kwa mwini wakale.

Puloti yopanda kanthu ndiye yoopsa kwambiri. Wogulitsa amakhoma zikhomo zinayi, mwina n'kuthira mulu wa mchenga, n'kulembetsa declaração, kalata ya umboni, kwa secretário wa bairro, mkulu woyang'anira dera la m'tauni. Pepala la secretário ndi lothandiza, limasonyeza kuti anthu a m'deralo akumudziwa munthuyo, koma silipereka umwini, ndipo puloti imodzi ikhoza kukhala ndi mapepala otere atatu. Ngati mwaikondadi, pitani ndi wogulitsayo ku khonsolo ya tauni, Conselho Municipal, kapena ku SDPI, ofesi ya Boma yoona za mapulani ndi zomangamanga, ngati malowo ali kunja kwa tauni, mukafunse njira yoti DUAT ituluke m'dzina lanu. Akayamba kuzemba ulendo umenewo, yankho mwalipeza.

Onaninso ngati DUAT yake ndi yongoyembekezera, autorização provisória, kapena yokhazikika. Yongoyembekezera imakhala mpaka zaka 5 kwa nzika ndi zaka 2 kwa mlendo. Nthawiyo ikatha musanachite zimene munalonjeza popanda chifukwa chomveka, Boma likhoza kuilanda osakubwezerani za maziko amene munakumba.

Mawu awiri kwa abale a ku Dedza, Ntcheu ndi Mwanza amene ali ndi mapepala a Malawi. Chilankhulo n'chimodzi, manda a agogo mwina ali mbali ino, koma pamaso pa lamulo ndinu mlendo. Mlendo amapatsidwa DUAT ngati wakhala m'dziko muno zaka zosachepera 5 ndipo ali ndi pulojekiti yovomerezedwa. Ambiri amathawira kulembetsa dzina la msuweni kapena mlamu. Dziwani kuti nyumbayo ndi ya amene walembedwayo, ndipo iye akamwalira ana ake ndiwo olowa.

Sankhani wa lendi musanasankhe nyumba

Mzinda wa Tete ndi Moatize zimapuma ndi malasha. Mu 2011 kampani ya Vale inayamba kukumba ku Moatize, ndipo chaka chomwecho kampani ya Rio Tinto inagula kampani ya migodi ya Riversdale ndi ndalama zoposa madola 3 biliyoni. Lendi inakwera modabwitsa, anthu n'kumasamuka m'nyumba zawo kuti alowetsemo makampani. Mtengo wa malasha utagwa, Rio Tinto inagulitsa migodi yake, kuphatikizapo wa Benga, kwa kampani ya ICVL mu 2014 pa madola 50 miliyoni okha. Vale nayo inachoka mu 2022, mgodi n'kupita kwa Vulcan. Amene anamanga zinyumba zikuluzikulu ndi ngongole, akudalira kampani imodzi, ndiwo anapsa kwambiri.

Nyumba ya kampani imalipira bwino, koma kontilakiti ikatha mukhoza kukhala miyezi yambiri mukusesa m'nyumba yopanda munthu. Zipinda zinayi kapena zisanu za aphunzitsi, anamwino, apolisi ndi ophunzira a ku sukulu zaukachenjede za ISPT, UniPúnguè kapena UniZambeze sizilemeretsa msanga, koma mmodzi akachoka enawo akulipirabe. Kwa munthu woyamba kumene, ife tingasankhe zipindazo.

Ku Angónia msika ndi wina. Ku Ulónguè kuli sukulu ya zaulimi ya UniZambeze ndi antchito a Boma, komanso amalonda a mbatata ya kachewere, chimanga, soya ndi nyemba amene amafuna mosungira katundu. Armazém yabwino pafupi ndi msewu imabweretsa ndalama, koma imadzaza nthawi yokolola, miyezi ina n'kukhala pululu. Powerengera phindu lake musaike miyezi 12.

Lendi yeniyeni ya dera musaimve kwa wogulitsa kapena kwa mkhalapakati, chifukwa onsewo amadya mtengo ukakwera. Gogodani pa nyumba zisanu zofanana ndi imene mukuifunayo, mufunse okhalamo kuti amalipira zingati, madzi amatuluka masiku angati pa sabata, ndipo chipinda choyandikana nacho chakhala miyezi ingati chopanda munthu.

Kayendereni malo, makamaka nthawi ya dzinja

Mu Malichi 2019 mtsinje wa Revúbuè unasefukira n'kulowa m'nyumba za ku Chingodzi ndi Matundo. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anadzazanso mtsinje womwewo mpaka kugumula mlatho wa pakati pa Tete ndi Moatize. Nyumba imene mwaiona mu Seputembala, fumbi lili koboo, singakuuzeni zimenezi. Funsani agogo amene akhalitsa pamenepo kuti madzi anafika pati, ndipo yang'anani mzere wa matope pa mipanda ya oyandikana nawo, poti wogulitsa khoma lake walipaka kale penti.

Tengani tepi yoyezera. Lamulo la malo lili ndi madera otetezedwa kumene DUAT siperekedwa, kumangoperekedwa chilolezo chapadera: mamita 30 mbali iliyonse ya msewu waukulu ngati N7, mamita 15 pa misewu yocheperapo, mamita 50 mbali iliyonse ya njanji, mamita 50 pa mizere ya magetsi ndi mapaipi akuluakulu, mamita 100 kuzungulira bwalo la ndege, mamita 250 kuzungulira damu, ndi makilomita 2 m'mbali mwa malire a dziko. Chomalizachi chikukhudza aliyense amene akufuna kumanga malo ogona a madalaivala ku Zóbuè, Calómuè, Cuchamano kapena Cassacatiza. Kuti ena anamanga kale pamenepo si umboni woti inu mupeza pepala, ndipo banki silandira chikole chotere.

Ku Moatize, Marara ndi madera ena a migodi, fufuzani ku Cadastro Mineiro, kaundula wa migodi, ngati malowo ali m'kati mwa dera la kampani. Mabanja amene anasamutsidwira ku Cateme ndi Mwaladzi akudziwa tanthauzo lake. Pafupi ndi mgodi muganizirenso fumbi la malasha ndi kugwedezeka kwa nthaka akamaphulitsa miyala.

Nyumba yeniyeniyo muione ndi mmisiri wanu, osati wa wogulitsa, paja chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere. Ming'alu yopyapyala ngati tsitsi nthawi zambiri ndi ya pulasitala chabe. Mng'alu wotsetsereka kuchokera pakona ya zenera, wotakata kumwamba, woonekera mbali zonse ziwiri za khoma, ukunena za maziko, ndipo kukonza maziko kumadya ndalama zambiri. Mmisiri akwere kudenga abaye mitengo ndi sikuludilaiva kuti aone chiswe. Tsegulani fossa, dzenje la zonyansa za m'chimbudzi, muone ngati yadzaza. Mu mzinda wa Tete, kumene kutentha kumadutsa madigiri 40 mu Okutobala ndi Novembala, chipinda cha malata ofupika chopanda siling'i ndi mazenera oyang'anizana sichisunga wa lendi, ndipo thanki ya madzi imakweza lendi kuposa matailosi. Ku mapiri a Angónia vuto ndi chinyezi: onani ngati m'munsi mwa makoma mukufufuma. Pomaliza funsani kuti mita ya magetsi ya Credelec ndi akaunti ya madzi zili m'dzina la yani, ndipo pali ngongole yanji.

Mapepala

Apa ndiye pofunika kudekha. Pepala loyamba ndi certidão de registo predial yochokera ku Conservatória do Registo Predial, ofesi ya kaundula wa nyumba. Musalandire fotokope ya wogulitsa. Tengani nambala ya nyumbayo mukapemphe nokha yatsopano. Pepalali limanena mwini wake, kukula kwa nyumba ndi malire ake, ndiponso ngati pali hipoteca, kutanthauza kuti nyumbayo ndi chikole ku banki, kapena penhora, kutanthauza kuti khoti laigwira chifukwa cha ngongole. Ngongole yolembedwa pa nyumba imatsata nyumbayo ngakhale mwini atasintha. Mudzapemphenso certidão ina kutatsala masiku ochepa kuti musaine, chifukwa m'miyezi iwiri zambiri zimachitika.

Kenako yerekezani mayina. Dzina la pa certidão, la pa DUAT ndi la pa BI (chitupa cha unzika) ya wogulitsa likhale limodzi, chilembo ndi chilembo. M'dera lino munthu mmodzi amatha kukhala ndi dzina la ubatizo, la kumudzi ndi la mfunda, ndipo kusiyana pang'ono kumaimitsa ntchito kwa notário, wotsimikizira zikalata mwalamulo. Wogulitsa akonze yekha musanalipire.

Ngati wogulitsa ali pabanja, mkazi kapena mwamuna wake asaine nawo. Lamulo la banja limafuna chilolezo cha onse awiri pogulitsa nyumba, kupatula ngati anakwatirana mogawa chuma, ndipo anthu amene akhalira limodzi zaka zoposa 3 popanda ukwati wolembetsa nawonso amatengedwa kuti chuma chopeza limodzi ndi cha onse. Bambo akati "mayi ali kumunda, musavutike nawo", inu vutikani nawo ndithu. Kaonaneni nawo maso ndi maso.

Nyumba ya malemu ndiyo imabala milandu yambiri. Pamafunika habilitação de herdeiros, chikalata chotchula olowa onse, ndipo onsewo avomere kugulitsa. Mwambo wathu umalemekeza mwinimbumba ndi malume, ndipo n'kwanzeru kukhala nawo pansi, koma lamulo la chuma cha masiye la 2019 limaika patsogolo ana ndi mkazi kapena mwamuna wotsala. Malume okha sangagulitse. Funsani mosachita manyazi ngati malemuwo anali ndi ana kwina. Pakakhala mwana wamng'ono pakati pa olowa, gawo lake siligulitsidwa popanda chilolezo cha khoti.

Wina akabwera ndi procuração, kalata yomupatsa mphamvu yoimira mwini nyumba, kunena kuti mwini ali ku Beira kapena ku Joni, pitani ku ofesi ya notário imene inadinda pepalalo mukatsimikize, muwerenge ngati likumupatsadi mphamvu yogulitsa nyumba imeneyo, ndipo mulankhule ndi mwiniyo pa foni ya kanema.

Ku Conselho Municipal mukafunse zinthu zitatu: ngati nyumbayo inamangidwa ndi chilolezo chomangira, licença de construção, ngati inayenderedwa n'kupatsidwa chilolezo choigwiritsa ntchito, licença de utilização, ndi ngati msonkho wa nyumba, IPRA, unalipidwa zaka zonse. Nyumba zakale za m'kati mwa mzinda zimene Boma linatenga mu 1976 n'kuzipereka m'manja mwa APIE, bungwe la Boma loyang'anira nyumba, zili ndi mbiri yakeyake: onetsetsani kuti wokhalamoyo anamaliza kulipira Boma n'kulandira título, chikalata cha umwini, ndipo mlendo asaziyandikire asanafunse loya.

Zoona zake n'zakuti nyumba zambiri za m'ma bairro athu sizili m'kaundula n'komwe. Zimenezi sizitanthauza kuti musagule, koma mtengo utsike, ndipo ntchito yolembetsa ichitike ndalama zambiri zisanaperekedwe. Wogulitsa ndiye ali ndi mboni ndi mbiri ya malowo. Akangolandira zonse, changu chake chimatha.

Masamu

Manambala otsatirawa ndi ongoyerekeza, inu muikepo anu. Tinene kuti nyumba akuitsatsa 2,000,000 MT (metikali). Msonkho wogulira nyumba, SISA, ndi 2 peresenti ndipo amalipira ndi wogula: 40,000 MT. Tiike 60,000 MT ya notário, kaundula ndi loya, ndi 150,000 MT yokonzera denga, penti ndi mipope. Ndalama zimene zatuluka m'thumba ndi 2,250,000 MT, ndipo phindu muliyeze pa nambala imeneyi.

Lendi tinene kuti ndi 20,000 MT pamwezi. Werengani miyezi 10 yokha, iwiriyo ndi ya nthawi imene nyumba ili yopanda munthu kapena wa lendi wathawa: 200,000 MT. Chotsanipo 30,000 MT yokonzera zowonongeka. IPRA ndi 0.4 peresenti ya mtengo umene khonsolo yaika pa nyumba yogonamo, ndi 0.7 peresenti pa ya malonda, ndiye tiike 8,000 MT. Lendi imalipitsidwanso IRPS, msonkho wa ndalama zimene munthu wapeza, ndipo wa lendi akakhala kampani amadula yekha asanakupatseni. Tiike 12,000 MT ya msonkho ndi zina zing'onozing'ono, ngakhale ikhoza kuposa apa. Zotsala ndi 150,000 MT pachaka. Gawani ndi 2,250,000, mupeza pafupifupi 6.7 peresenti. Ndiye kuti ndalama zanu zidzabwerera pakatha zaka 15.

Nambala imeneyi muiyerekeze ndi chiwongoladzanja chimene banki ingakupatseni mutasungitsa ndalamazo pa akaunti ya nthawi yoikika. Ndi nambala yomweyi imene mukanenerere mtengo. M'malo mongoti "tsitsani pang'ono bambo", muwaonetse kuti pa lendi ya deralo nyumbayo siyenera kupitirira ndalama zakutizakuti.

Ndalama zichokera kuti

Banki monga BCI, Millennium bim, Standard Bank, Absa ndi Moza Banco zimapereka ngongole ya nyumba, crédito à habitação. Popeza nthaka siikidwa chikole, chimene banki imagwira ndi nyumba yolembedwa m'kaundula. Puloti ndi declaração sizikwanira. Adzafuna BI, NUIT (nambala yanu ya msonkho), umboni wa malipiro, mbiri ya akaunti yanu ya miyezi ingapo ndi mapepala onse a nyumba. Adzatumiza wowerengera mtengo wawo, ndipo ngongole imatengera mtengo umene iye wapeza, osati umene mwagwirizana ndi wogulitsa. Kawirikawiri gawo lina mumalipira nokha. Pamwamba pake pali inshuwalansi ya moyo ndi ya nyumba, ndalama zotsegulira ngongole ndi zolembetsera chikole. Adzayang'ananso dzina lanu m'kaundula wa angongole wa Banco de Moçambique, choncho kangongole kakale kamene munakaiwala kakonzeni msanga.

Chiwongoladzanja chimakhala Prime Rate, imene imalengezedwa mwezi ndi mwezi, kuphatikizapo kagawo ka banki kotchedwa spread. Prime Rate imakwera ndi kutsika. Mu 2023 inafika pa 24 peresenti, ndipo amene anali ndi ngongole anaona malipiro a pamwezi akukwera okha.

Tibwerere ku nyumba ija. Mwakongola 1,400,000 MT pa 20 peresenti kwa zaka 15. Pamwezi mudzalipira pafupifupi 24,600 MT, inshuwalansi isanalowe. Mwezi woyamba, pafupifupi 23,300 MT ndi chiwongoladzanja chokhachokha, ngongole yeniyeniyo imangotsika ndi 1,300 MT. Pakutha kwa zaka 15 mwapereka pafupifupi 4,400,000 MT. Koma nyumbayo ikubweretsa 12,500 MT pamwezi mukachotsa zonse. Mwezi uliwonse mudzawonjezera za m'thumba zoposa 12,000 MT. Mawu oti "lendi idzabweza yokha ngongole" amagwira ntchito pokhapokha phindu la nyumba litaposa chiwongoladzanja, ndipo kuno zimenezo n'zosowa.

Ndiye njira yake ndi yotani? Kongolani pang'ono, kwa nthawi yochepa, pa chinthu chimene chiyambitse lendi msanga. Ngongole ya malata, zitseko ndi magetsi yomalizira zipinda zimene makoma ake aima kale ndi yomveka, chifukwa mwezi wachiwiri alendi alowa. Ngongole yogulira puloti imene ikhale zaka zitatu ikumera udzu ndi yongotaya ndalama. Antchito a Boma asamale ndi ngongole zodula pa malipiro: zimatuluka msanga, koma chiwongoladzanja chake n'chokwera kuposa cha nyumba. Katapila ndiye musamuyandikire n'komwe, ndipo musasiye mapepala a nyumba m'manja mwake.

Ambiri amene ali ndi nyumba za lendi m'chigawo chino anamanga pang'onopang'ono: ndalama za fodya kapena za kachewere chaka chino maziko, xitique (chipereganyu) ikawagwera mabuloko, chaka chamawa denga. Mukasankha njira imeneyi, malizani zipinda ziwiri ndi chimbudzi kuti ziyambe kulipira, m'malo moimika makoma a zipinda zisanu ndi chimodzi opanda denga. Simenti musaiunjike miyezi yambiri, imauma m'matumba. Zitsulo ndi malata ndizo zimasungika. Mukasonkherana ndi abale, lembani gawo la aliyense m'chikalata chogulira momwemo. Ndalama zochokera kunja kwa dziko zidzere ku banki ndipo mapepala ake musunge, kuti tsiku logulitsa mudzathe kuzitulutsanso mwalamulo.

Pofunsa ku banki pemphani pepala la simulação loonetsa zolipira zonse, mufunse chilango chobweza ngongole nthawi isanakwane, ndipo muyende banki zosachepera zitatu. Spread imakambidwa.

Kulipira ndi kusaina

Mukagwirizana mtengo, lembani contrato-promessa de compra e venda. Mulembemo mayina ndi manambala a BI, nambala ya nyumba ya m'kaundula, mtengo wonse, ndalama ya chikole imene mwapereka, tsiku lomaliza losainira kwa notário, tsiku limene wogulitsa adzatuluke, ndi amene alipire ngongole zakale za madzi ndi IPRA. Masaini akatsimikizidwe kwa notário. Ndalama ya chikoleyo imatchedwa sinal, ndipo lamulo lake ndi lakuthwa mbali zonse: wogula akabwerera m'mbuyo yapita, wogulitsa akabwerera m'mbuyo amabweza kawiri. Ngati mukudikira banki, lembanimo kuti banki ikakana sinal ibwezedwe yonse. Sinal ikhale yochepa. Wogulitsa akaumirira theka la mtengo mapepala asanaoneke, mwina ali ndi ngongole imene sanakuuzeni.

Lipirani kudzera ku banki, ku akaunti ya dzina la mwini nyumba, osati ya mwana wake kapena ya mkhalapakati. Ndalama za m'chikwama sizisiya phazi. Za mkhalapakati mugwirizane poyamba penipeni kuti ndi zingati ndipo alipira ndani, ndipo alandire ntchito ikatha.

SISA imalipidwa musanasaine, ndipo lisiti lake notário adzalifuna. Ena adzakunyengererani kulemba mtengo wotsika kuti msonkho uchepe. Kanani. Ndi mlandu, komanso mudzadzipweteka nokha: malonda akasokonekera mudzabwezeredwa zimene zinalembedwa, ndipo tsiku logulitsa phindu lanu lidzaoneka lalikulu, msonkho n'kukula.

Kenako escritura pública, chikalata chenicheni cha malonda, kwa notário, kumene ndalama zotsala zimaperekedwa ndi makiyi kulandiridwa. Ambiri amathera pomwepa n'kupita kukakondwera. Ntchito sinathe. Tengani escritura ku Conservatória nyumbayo ilembedwe m'dzina lanu sabata yomweyo, chifukwa anthu awiri akagula nyumba imodzi, amene walembetsa poyamba ndiye amakhala pabwino. Mukatero sinthani dzina ku khonsolo, ku kampani ya magetsi ya EDM ndi ku madzi.

Nyumba ikakhala ndi alendi kale, kugula sikuwathamangitsa. Onani mapangano awo, mudziwe caução imene analipira, ndalama yosungitsa polowa m'nyumba, ndipo wogulitsa akupatseni ndalamayo poti wodzabweza ndinu.

Alendi

Pangano likhale lolemba ngakhale wa lendi ndi wa mpingo wanu: lendi, tsiku lolipira, caução, chiwerengero cha okhalamo, ndi nthawi yodziwitsana pochoka. Jambulani zithunzi za chipinda tsiku lolowa. Ngati n'kotheka khomo lililonse likhale ndi mita yakeyake, poti mikangano yambiri ya pa mpanda ndi ya magetsi ndi madzi. Kulandira pa M-Pesa kapena e-Mola kumasiya umboni. Wosalipira mumulembere kalata mwezi woyamba womwewo, kenako nkhani ipite kwa secretário wa bairro, ikakanika ku khoti. Kuzula chitseko kapena kutaya katundu wake panja kumasandutsa inu wolakwa.

Tsiku logulitsa

Nyumba ya mapepala athunthu ikhoza kugulidwa ndi munthu wa ngongole ya banki, pomwe yopanda mapepala imadikira wa ndalama m'manja, ndipo ameneyo amatsitsa mtengo mopanda chisoni. Choncho musanaike chikwangwani, lipirani IPRA, tengani certidão yatsopano, ndipo zipinda zimene munawonjezera kuseri zilowe m'kaundula. Akunyumba kwanu avomere poyamba, osati tsiku la notário.

Konzani zodontha ndi penti, koma musamange zatsopano poganiza kuti wogula adzabweza. Chimene chimakopa wogula nyumba ya lendi ndi kabuku ka malipiro a zaka ziwiri kapena zitatu, pamodzi ndi mapangano a alendi. Ngati nyumba ikadali chikole, pemphani banki ikulembereni ngongole yotsala. Gawo la ndalama za wogula lipite molunjika kukatseka ngongoleyo, banki ipereke chikalata chomasula chikole, ndipo chikalatacho chikalembetsedwe ku Conservatória.

Phindu la pa kugulitsa nyumba limalipitsidwa msonkho wa IRPS, ndiye malisiti a SISA, a notário ndi a zomangamanga muwasunge m'fayilo imodzi kuyambira tsiku logula, ndipo mukafunse ku Autoridade Tributária kuti ndi ati amene angachotsedwe. Wogula akapempha kulipira pang'onopang'ono, makiyi ndi escritura zidikire ndalama yomaliza. Akaumirira kulowa msanga, alowe ngati wa lendi, ndi pangano la lendi lolembedwa padera.